Nkhuku yopita ku Jeremani

M'kabati mwathu, kuseri kwa makapu amene ankatuluka pa Khirisimasi pokha, munkakhala positikhadi imodzi yotsamira kugalasi. Ngodya zake zinali zitafewa chifukwa cha zala zanga. Pakhadipo panali chithunzi cha tauni yaing'ono ya ku Jeremani: nyumba zothinana za madenga ofiira osongoka, khoma lalitali la miyala lozungulira tauni yonseyo osasiya mpata, nsanja zisanu, ndi chipata chimodzi chachikulu chokhala ndi wotchi pamwamba. Kumbuyo kwake kunali mapiri ataliatali oyera kumitu. Ine ndinkati pamitupo anathirapo ufa, bambo n'kumati ayi, ndi madzi ouma ndi kuzizira. Dzina la tauniyo linalembedwa m'munsi, koma m'nyumba mwathu munalibe lilime lotha kulitchula. Tinkangoti kwa mzungu wa mapampu.

Mzunguyo ine sindinamuonepo. Anabwera ku Bindura ndisanabadwe, kudzaika mapampu atsopano mumgodi, ndipo bambo ndiwo anasankhidwa kuti azimugwirira zitsulo. Ntchito ya bambo moyo wawo wonse inali imeneyo, kupopa madzi pansi pa nthaka kuti anzawo azikumba pouma. Anagwira limodzi miyezi ingapo, akulankhulana Chilapalapa, chinenero cha pamgodi, chosakaniza ndi manja, ndipo pochoka mzunguyo anawasiyira chithunzi cha kwawo. Zonse zimene ndinkadziwa za tauniyo zinayenda ulendo umenewo: kuchoka m'kamwa mwa Mjeremani, kudutsa m'Chilapalapa, n'kudzatulukira m'Chichewa cha bambo Lamlungu masana akupukuta nsapato pakhonde. Ankati khomalo linali lalikulu moti asilikali ankayenda pamwamba pake awiriawiri. Adani anabwerapo ndi mifuti ikuluikulu n'kubwerera ndi njala. Dzuwa likalowa chipata chinkatsekedwa, ndipo wochedwa kumowa ankagona panja ndi mimbulu. Pamenepa amayi ankati lamulo limenelo likanathandiza pakomboni pathu.

Koma nkhani imene bambo ankaikonda koposa inali ya chaka ndi tsiku limodzi. Ankati munthu aliyense wolowa pachipata chija, ngakhale kapolo wothawa mbuye wake, akangokhala m'kati mwa khoma chaka chathunthu ndi tsiku limodzi, basi, ndi mwini tauni. "Palibe womufunsanso kuti agogo ako anachokera kuti," ankatero, atakweza bulashi m'mwamba. Nditakula ndinawerenga kuti mwambo wotero unalipodi kalekale, koma unatha zaka mazana apitawo. Kaya mzunguyo anaiwala kunena mbali imeneyo, kaya bambo anaimva n'kuisiya dala, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo anabadwira pakomboni ya mgodi womwewo, amayi anabadwira papulazi ina chapafupi, makolo awo ndiwo anachokera ku Malawi wapansi, komabe zitupa za onse awiri zinali ndi chilembo chonena kuti ndi alendo.

Bambo anamwalira mu Juni, chaka chimene ndinali mu Giredi 5, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Chinali chifuwa. Tinawaika kumanda a pamgodi, kuseri kwa dampu, mulu uja wa dothi loyera lochokera pansi, ndipo mphepo ya tsikulo inatidzaza mchenga m'mano tikuimba. Pasanathe milungu iwiri kunabwera munthu wa ku ofesi ya mgodi ndi kalata. Anali munthu wabwino, anavula chipewa, anakana ngakhale mpando. Nyumba inali ya ntchito, ndipo mwini ntchito anali atapita. Anatipatsa mpaka kumapeto kwa Seputembala.

Pakomboni zimenezi sizinali zachilendo. Mwamuna akamwalira, akazi a Chishona ankamanga katundu, lole n'kuwatengera kumusha, ndiko kunena kumudzi kwawo. Ndiye anansi akamafunsa amayi pampopi kuti nanga inu mulowera kuti, amayi ankayankha mutu uli m'mwamba: "Tikupita kwathu ku Malawi." Ankanena mokoma ndithu, moti ena anayamba kuwatuma nsomba zouma. Ku Malawi amayi anali asanapondeko. Dzina la mudzi wa agogo ankalidziwa, koma munthu wamoyo woti n'kumulembera kalata kumeneko analibe ndi mmodzi yemwe. Amayi anga anali munthu wosapempha mchere kwa mnansi, ankalolera kudya ndiwo zosakolera. Khalidwe limeneli ndinatengera, ndipo silinandithandizepo kwenikweni.

Wachibale yekhayo amene tinali naye anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo ankakhala ku Chipadze, m'tauni ya Bindura momwemo, m'chipinda chimodzi chalendi ndi akazi awo ndi ana atatu, ndipo ankadyera maganyu: lero kuumba njerwa, mawa kufuna golide kumtsinje, mkuja kukonza njinga zimene sankadziwa kukonza. Anali munthu wanthabwala, woseketsa anthu ngakhale pamaliro. N'chifukwa chake Lamlungu lina mu Ogasiti, nditawamva akulankhula ndi amayi popanda kuseka, ndinasiya mtedza umene ndinkaswa kuseri kwa nyumba n'kutchera khutu pazenera.

Mwininyumba wa ku Chipadze anali atakana, ati chipinda chimodzi si basi. Amayi akanatha kupeza pogona papulazi ina akanalowa maganyu a fodya, koma kumeneko ankalandira munthu wogwira ntchito, osati wobwera ndi mwana wasukulu. Ndiye amalume anali atapeza mayi wina wa ku Aerodrome, kumayadi, wofuna mtsikana womulerera khanda. Chakudya ndi pogona zinalipo. "Nanga sukulu?" anafunsa amayi. Amalume anati sukulu siithawa. Ndinadikira kuti amayi akalipe monga ankachitira ine ndikajomba tsiku limodzi lokha, koma sanakalipe. Kenako ndinamva mpando ukusunthidwa. Ndinabwerera kumtedza wanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndinali nditakhala nambala 3 m'kalasi, ndipo ndinali ndisanagonepo kutali ndi amayi ndi tsiku limodzi lomwe.

Mwezi umenewo ndimaukumbukira ndi fumbi. Mphepo inkanyamula dothi padampu n'kulimwaza pa chilichonse, pazovala zoyanika, m'tsitsi, m'kapu ya tiyi. Kumapiri mitengo ya misasa inali itatulutsa masamba ofiira. Amayi anayamba kubwera ndi makatoni a sopo kuchokera kugolosale n'kumalongedza pang'onopang'ono, mbale lero, mabulangete a bambo mawa. Ine ndinachotsa positikhadi ija m'kabati isanalowe m'katoni, ndipo masana ndinkakhala nayo pamthunzi wa thanki ya madzi. Ndinasankha ndi nyumba yathu yomwe: kanyumba kachitatu kuchokera pachipata, kotsamira khoma, ka zenera limodzi. Ndinkaona kuti sikangakhale ka munthu wolemera, ndiye mwina mwini wake sangavute. Ndinakonza zoti amayi azisokera panja pomwepo, ine ndiziyang'ana nthawi pawotchi ya pachipata kuti ndisamachedwe kusukulu. Za kuzizira sindinade nazo nkhawa, ndinali ndi majuzi awiri.

Sukulu itatsegulira mu Seputembala, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense alembe za kumusha kwawo kumene anakathera tchuthi. Aphunzitsi athu anali mayi wamtali, woonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Rula yawo inkadziwa zikhato za tonsefe. Sankaseka, ndipo tinkakhulupirira kuti ngakhale kunyumba kwawo amadya ataimirira. Ine tsiku limenelo ndinapereka pepala lolembedwa dzina lokha. Mnyamata wina kumbuyo ananena mokweza kuti a ku Malawi kumusha kwawo ndi padampu, kalasi n'kuseka, rula n'kugwira ntchito yake. Koma chimene ndinatola tsikulo si chipongwecho ayi, chimenecho ndinali nditachizolowera. Mtsikana wina anawerenga za amalume ake amene anasamukira kudera lina. Anati munthu ukafuna malo kumudzi kwa eni, umapita kwa sabhuku, mkulu wogawa malo, utanyamula nkhuku, n'kupempha mwaulemu. Sabhuku akalandira nkhukuyo, ndiye kuti malo wapeza.

Mlungu womwewo, pa phunziro la Chingerezi, tinaphunzira kalembedwe ka kalata yopita kwa akuluakulu. Adiresi pamwamba, deti pansi pake, moni, nkhani, kutsanzika. Mutu wanga unalumikiza zinthuzi mosavuta. Tauni inalipo, njira yopemphera malo ndinali nditaimva, kalata ndinali nditaidziwa. Ndinadabwa kuti akuluakulu onse aja analephera bwanji kuganiza chinthu chapafupi chotere.

Ndinalemba masiku awiri, papepala long'amba pakati pa kope la masamu. Pamwamba ndinalemba kuti Kwa a Sabhuku, kenako dzina la tauniyo, ndikukopera chilembo chimodzichimodzi pamodzi ndi timadontho tiwiri tokhala pamutu pa chilembo china. Mawu ake ndimawakumbukirabe, ngakhale anali m'Chingerezi chothyokathyoka. Ndinati ndine mwana wa mnzake wa munthu wanu uja anaika mapampu ku Bindura. Bambo anamwalira, ndipo nyumba tikutulukamo mwezi uno ukatha. Amayi amauza anthu kuti tikupita ku Malawi koma si zoona, kulibe amene tikumudziwa. Tikupempha malo aang'ono m'kati mwa khoma lanu, ngakhale kufupi ndi kudzala. Amayi amadziwa kusoka ndi kulima ndipo sadwaladwala. Ine ndimatha kutunga madzi ndi kusesa. Sitichita phokoso. Chonde yankhani msanga chifukwa mukachedwa andipereka ku Aerodrome kukalera mwana ndipo sukulu ndisiya. Pomaliza ndinalemba kuti nkhuku ndatumiza pamodzi ndi kalatayi.

Nkhuku tinali nazo zinayi. Ndinasankha thadzi lamawangamawanga, lonenepa kuposa zonse, poganiza kuti anthu a nyumba zotere sangalandire nkhuku yoonda. Lachisanu m'mawa amayi atapita kumpopi ndinaligwira, ndinalimanga miyendo ndi kansalu, n'kuliika m'thumba la saka loboola kuti lizipuma. Lachisanu ndilo tsiku limene aphunzitsi ankapita kutauni akaweruka, ndipo tonse tinkadziwa kuti amadutsira ku positi ofesi. Za masitampa ndinaganiza kuti tikambirana. Thumbalo ndinalibisa kuseri kwa zimbudzi, ndipo nthawi yonse ya masamu ndinkamva thadzi langa likudandaula chapatali.

Pa nthawi yopuma, anzanga atatuluka, ndinalowa nalo thumbalo n'kugwada pafupi ndi tebulo. Aphunzitsi anayang'ana thumba, anayang'ana ine, kenako analandira kalata. Anaiwerenga mpaka pansi. Anatenga cholembera chofiira n'kukonza liwu limodzi, dzanja linangochita mwa chizolowezi, kenako anachiika pansi n'kuyambiranso kuwerenga kuchokera pamwamba. Ndinkayembekezera rula kapena kuseka, koma zonse ziwiri sizinabwere. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa juzi, n'kundifunsa m'Chishona ngati amayi akudziwa za kalatayi. Ndinati ayi. Anafunsa ngati za ku Aerodrome zili zoona. Ndinati eya. Anatsegula kabati ya mabuku, anaikamo thadzi lija pamwamba pa mapu akale, n'kundiuza kuti ndipite ndikasewere.

Madzulo amayi anazungulira komboni yonse akuitana nkhuku yawo. Anatukwana galu wa anansi, anatukwana mphamba, anatukwana chaka chonsecho. Ine ndinathandiza nawo kufunafuna, ndinasuzumira ngakhale m'ngalande. Mulungu andikhululukire, ndinafunafuna mwakhama kuposa amayi.

Loweruka masana, dzuwa lili pamutu, aphunzitsi analowa pakomboni atavala diresi la kutchalitchi, chikwama kudzanja, thadzi lathu kukhwapa. Komboni yonse inatuluka kudzaonerera. Amayi atawaona anaganiza kuti nkhukuyo ndinakagulitsa, ndipo diso limene anandiponyera ndimalimvabe kumsana. Aphunzitsi anapempha kuti akalankhulire m'nyumba. Ine anandituma kumpopi ndi ndowa, ndipo nditabwera ananditumanso, mpaka mgolo unasefukira. Pamene anandilola kulowa, kalata yanga inali pamwendo pa amayi, maso awo ali ofiira. Amayi sankadziwa Chingerezi, ndiye kuti aphunzitsi anawamasulira yonse, mzere ndi mzere, ndi paja ponena za bodza la ku Malawi pomwe. Sanandimenye. Anangoti, "Mwana iwe, wandivula pagulu." Kukanakhala bwino akanangondimenya.

Powaperekeza aphunzitsi ndinalimba mtima n'kufunsa kuti nanga kalata ipita liti. Anayankha osatembenuka: "Siipita. Ku Jeremani kulibe sabhuku, ndipo nkhuku siikwera ndege." Sanawonjezere kanthu kofewetsa. Ndinaima pamsewu pomwepo. Ine ndinawatulira chinsinsi changa chonse, iwo n'kukachikhuthula kwa amayi, ndipo njira yokhayo imene ndinkaidziwa anaitseka ndi mawu awiri. Kuyambira tsiku limenelo ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse. M'kalasi ndinasiya kukweza dzanja, ngakhale pa mafunso amene ndinkawadziwa ndekha.

Mlungu wotsatirawo amayi sanandilankhule zambiri. Ankasoka mpaka mdima, makina akulira ngati akukangana ndi munthu, ndipo kumpopi anasiya kutchula za Malawi. Za ku Aerodrome sanatchulenso, koma sananene kuti zatha. Ine ndinkangoona makatoni akuchuluka pakona, n'kumadzifunsa kuti diresi langa la sukulu lilowa m'katoni iti.

Loweruka linalo tinakwera basi ya kumidzi ya ku Masembura anthu anayi: aphunzitsi, amayi, amalume ndi ine, ndi thadzi lija m'thumba lomwe lija. Palibe anandiuza chimene tikukachita. Basiyo inadzaza ndi matumba a feteleza ndi anthu onunkhira utsi, ndipo inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Amalume anali atamva nkhani yonse ya kalata, ndipo tsiku limene anaimva anaseka mpaka kukhala pansi. Mubasimo ankandikodola n'kumaloza mapiri amiyala pawindo. "Mapiri ako ndi amenewo, Mjeremani. Ufa wa pamwamba tidzathira tokha." Dzina la Mjeremani linandikakamira. Mpaka lero ana awo amandiitana choncho, ena osadziwa n'komwe chiyambi chake.

Kumene tinatsikira kunali kwawo kwa aphunzitsi, kwa bambo awo owabereka. Mkuluyo anali wokalamba, maso atachita khungu, ndipo tinamupeza atakhala pampando pamthunzi. Panalinso alongo awo awiri a aphunzitsi ndi akazi awo. Apa ndinaona chinthu chimene sindinkaganiza kuti chingachitike padziko. Aphunzitsi anavula nsapato, anamanga chitenje pamwamba pa diresi, anagwada pafumbi n'kuyamba kuwomba m'manja. Aphunzitsi athu, a rula aja! Ndinachita manyazi m'malo mwawo, ndipo pansi pamtima ndinakondwerako pang'ono, ndikuti nawonso alaweko.

Aphunzitsi ankapemphera amayi bwinja la mlongo wawo wamng'ono, amene anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo mkazi wake n'kubwerera kwawo. Panali tinyumba tiwiri ndi munda umene unali utayamba kumera tchire. Alongo aja sanakondwe nazo. Chishona ndinkachimva bwino kuposa Chichewa, ndiye palibe liwu linandidutsa. Wina anati anthu a pamgodi sadziwika mtundu wawo. Winayo anati ukawapatsa pogona mawa aitana abale awo onse, ndipo mbuzi zikayamba kusowa adzayankha ndani? Amayi anali chogwada kumbuyo, maso ali pansi, akumva zonsezo. Aphunzitsi anayankha ndi mawu omwe aja a m'kalasi, osakwera osatsika: "Ndidzayankha ine. Akalakwa, mlandu ndi wanga. Mayi uyu muzimutenga ngati m'bale wanga."

Mkulu uja sanalowerere mkanganowo. Anangoti mlendoyo asendere pafupi, n'kupempha manja ake. Anawapapasa amayi zikhato zonse ziwiri, pang'onopang'ono, chala chake chikuima paliponse pamene khasu linalimbitsa khungu. Kenako anati munda wa mwana wake usagonenso chaka china. Masana omwewo amalume ndi mmodzi wa alongo aja ananyamula thadzi lija kupita nalo kwa sabhuku, ndipo anabwera chimanjamanja. Aliyense anawomba m'manja. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, chifukwa nkhuku yanga ya ku Jeremani inali itathera m'mudzi wopanda ngakhale mpanda wa minga.

Tinasamuka kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Tsiku langa lomaliza kusukulu aphunzitsi anandipatsa kalata yosinthira sukulu ndi makope atatu atsopano, zinthu zimene zinkasowa m'masitolo nthawi imeneyo. Ndinalandira ndi manja awiri chifukwa ndi mwambo, koma zikomo sanatuluke m'kamwa. Ndinayang'ana pansi mpaka anandiuza kuti ndizipita. Zambiri zimene ndinalakwa ndili mwana ndinadzikhululukira kale, koma ichi chokha chimandiwawabe.

Zina ndinadzazimva ndili wamkulu. Azilamu awo, akazi a alongo aja, sanawalankhule aphunzitsi pafupifupi zaka ziwiri. Mbuzi inasowadi chaka chotsatira, zala zonse zinaloza kwathu, ndipo aphunzitsi anakwera basi pakati pa teremu kudzakhala pabwalo la milandu m'malo mwa amayi, mpaka mbuziyo inapezeka itagwera m'chitsime chakale. Amayi sanandiuze zimenezi pa nthawiyo. Sukulu ndinatsiriza ndikuyenda wapansi kuchokera pabwinja lija, ndipo lero ndimagwira ntchito mu ofesi ku Bindura konkuno. Ku Aerodrome ndimadutsako pa kombi, minibasi ya kuno, ngati wina aliyense. Zikomo uja ndinakamupereka patatha zaka khumi ndi zitatu, aphunzitsi atapuma kale ntchito. Ndinalankhula zambiri, ndinalira. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti kalata ija inali yabwino, kungoti ndinaiwala deti. Mayi amene uja ndimamuyamika kuposa mmene ndingathere kulemba. Ndimayamikanso tauni ija, imene ndinadzaiona pafoni ili chikhalire, khoma, nsanja ndi wotchi yake. Anthu ake sadziwa kuti kuli ine, ndipo mwina sindidzapondako. Koma ikanapanda kundipatsa kolembera kalata, sindikanauza munthu aliyense zimene zinkatichitikira, ndipo amayi sakanauza.

Zonsezi ndi nzeru zobwera pambuyo. Mu Okutobala wa chaka chimenecho ine ndinali mwana wokwiya m'mudzi wa eni. Kanyumba kamodzi kanalibe denga, kachiwiri kanali kodzaza mileme ndi fungo la makoswe. Magetsi kunalibe, mpopi kunalibe, madzi tinkakatunga kudambo, ndipo kutentha kwake kunkang'amba milomo. Amalume anabwera kudzatifolerera denga, akuimba nyimbo zopeka zimene ankati ndi za Chijeremani, ine osaseka. Ndinkadziuza kuti pano tangoima podikira, tsiku lina tidzanyamukanso kupita kumalo enieni.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa mweziwo. M'mawa mwake, nthaka ikununkhira, inswa zikuuluka paliponse, amayi anapita kwa mkulu uja n'kubwera ndi kambande ka mango kokumbidwa ndi dothi lake, ka masamba anayi okha, atakanyamula ndi manja awiri. Makatoni ena anali asanamasulidwe, chitseko chinalibe loko, munda unali usanagalauzidwe, koma iwo anayamba ndi kukumba dzenje pakati pa bwalo. Anandituma madzi. Ndinathira mokwiya, n'kufunsa kuti kamtengo kameneka tidzadya liti zipatso zake.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, mwina zisanu ndi ziwiri," anatero, akutsendera dothi ndi zikhato.

"Zaka zonsezo tidzakhala tili pompano?"

Amayi anasiya kutsendera. Anandiyang'ana, anayang'ana tinyumba tija ndi tchire lija, kenako anayamba kuseka. Anaseka atakhala pamatope, chitenje chonse chitanyowa, mpaka misozi inatsikira m'khosi, ndipo sanaipukute chifukwa manja anali adothi. "Eya, mwanawe," anatero. "Tidzakhala tili pompano."

Ndinataya ndowa n'kuthawira kuseri kwa nyumba, ndikuganiza kuti akundiseka pa tsoka langa. Sindinkadziwa kuti amayi, pa zaka zawo makumi anayi, m'nyumba zonse za pamapulazi ndi za pamgodi zimene anasesamo, anali asanadzalepo mtengo.